Otomatiki yanga ikumenya posintha magiya, makaniko akuti ndigule ina

Kamdothi:
Akuluakulu, ndithandizeni maganizo. Galimoto yanga ndi ya 1995, ya petulo, yoyendera matayala akumbuyo, otomatiki ya magiya anayi yokhala ndi kabatani ka O/D (kololeza giya 4) pa ndodo ya giya. Masiku ano ikumenya posintha. Ndikachotsa pa P kuika pa D imagunda kuti gu! pansi pa mpando. Pochoka pa giya 1 kupita pa 2 imachedwa, injini imalira kaye kwambiri kenako giya n'kulowa mwamphamvu mpaka mutu kugwedera. Pa 2 kupita pa 3 imamenyanso koma pang'ono. Ikafika pa 4 imayenda bwinobwino. Makaniko amene ndinapitako sanaiyendetse n'komwe, anangomva nkhani yanga n'kunena kuti giyabokisi yatha, tisake ina. Kodi ikayamba chonchi ndiye kuti basi?

Tsabola:
Otomatiki ikayamba kudwala sichira imeneyo. Gulitsani isanagone pansi.

Sipanala17:
A Tsabola, mawu ngati amenewa ndi amene amatayitsa anthu magiyabokisi abwinobwino. A Kamdothi, musatulutse ndalama kaye. Munthu amene sanaiyendetse, sanasolole dipisitiki, sanasuzumire pansi, angadziwe bwanji kuti yatha? Tiuzeni izi. Vutoli linabwera pang'onopang'ono kapena linangoyamba tsiku limodzi? Pali chimene chinakonzedwa masiku amenewo, ngakhale chooneka ngati sichikhudzana ndi giya? Imamenya ikadali yozizira m'mawa, ikatentha, kapena nthawi zonse? Nanga kagetsi ka O/D OFF pa dashibodi kamaphethira kokha?

Chinanso, mwati injini imalira kwambiri isanalowe 2. Apa pali zinthu ziwiri zimene anthu amasokoneza. Pali kuchedwa kusintha: galimoto ikukoka bwino, liwiro likukwera limodzi ndi injini, kungoti yakakamira pa giya imodzi nthawi yaitali. Ndiye pali kuterera: injini ikukwera koma galimoto siikuwonjezera liwiro, kenako giya n'kugwira mwadzidzidzi. Kuchedwako kawirikawiri gwero lake limakhala kunja kwa giyabokisi. Kuterera ndiye koopsa, chifukwa kumaloza ku oyilo wochepa kapena makilachi amkati amene adyeka. Yanu ikuchita chiti?

Kamdothi:
Zikomo achimwene. Ikukoka, siikuterera. Imangokakamira pa 1 mpaka ndimachita kuchotsa phazi pa moto kuti isinthe. Kagetsi sikaphethira. Yozizira kapena yotentha n'chimodzimodzi. Zinayamba itangochoka ku sevisi. Anasintha mapulagi ndi oyilo wa injini, komanso anatsuka throttle body (kachitseko kolowetsa mpweya mu injini mukaponda moto) chifukwa inkakonda kuzima ndikaima.

MayiWaAwiri:
Musanapite kutali, taonani kabatani kolembedwa PWR kapena ECT pafupi ndi ndodo ya giya. Kwanga ana anakadina posewera, galimoto n'kuyamba kuchedwa kusintha. Kakadinidwa, kompyuta imachita dala kusunga giya iliyonse nthawi yaitali.

Kamdothi:
Ndakaona mayi, n'kozimitsa.

Gogo_Dizilo:
Ana inu mumathamangira kompyuta. Yambani ndi oyilo, sipafunika ngakhale sipanala. Yendetsani galimotoyo itenthe bwino, imikani pamalo osapendekeka, injini isazime. Phazi pa buleki, dutsitsani ndodo m'magiya onse kuchoka pa P mpaka pa L n'kubwereranso pa P. Mukatero solani dipisitiki ya giyabokisi, osati ya injini, pukutani ndi kansalu koyera, bwezerani mpaka pansi, solaninso. Oyilo afike pakati pa timizere ta HOT.

Musangoona kuchuluka kokha. Donthezani pa pepala loyera, nunkhizaninso. Wofiira ali bwino. Wabulawuni watopa koma si maliro. Wakuda wonunkha chopserera ndiye kuti makilachi akhala akupsa mkatimo. Akakhala wapinki ngati wasakanikirana ndi mkaka, galimotoyo isayendenso: madzi a radiyeta alowa. Kapaipi koziziritsa oyilo wa giyabokisi kamadutsa m'thanki ya radiyeta, ndiye kakabooka ziwirizi zimakumana, ndipo madzi amamatula chikopa cha makilachi. Mukaona thovu, mwina anathira wopitirira muyezo, kapena ndi wochepa moti pampu ikukoka mpweya.

Kalulu_wa_Waya:
Agogo, zoti injini isazimezo si galimoto zonse. Ma Honda ambiri akale mumayeza mutangozimitsa injini. Wina awerenga apa n'kukathira oyilo wosafunika.

Gogo_Dizilo:
Wanena zoona mdzukulu, n'chifukwa chake galimoto imabwera ndi buku. Koma mmene aifotokozera a Kamdothimu, imeneyo si Honda.

Kamdothi:
Ndayeza monga mwanenera agogo. Ali pa HOT ndendende. Mtundu wake ndi wabulawuni koma pa pepala kufiira kukuonekabe, ndipo sakununkha chopserera. Pa dipisitiki palembedwa D-II.

Tsabola:
Ndiye kaichapitseni ndi makina aja opopera oyilo yense, mwina ingadzuke.

Mlonda_Usiku:
Ayi ayi ayi. Musayerekeze. Yanga inkayenda ndithu ngakhale oyilo anali wakuda. Anandinyengerera kuti tisinthe yense, itangotuluka pamenepo inayamba kuterera pa mtunda uliwonse mpaka inakanika kuchoka pamalo. Otomatiki yakale oyilo wake sakhudzidwa, mumangowonjezera.

Sipanala17:
A Mlonda, pepani ndi zimene zinakuchitikirani, koma mwanena nokha kuti oyilo anali wakuda kale. Kuda kumeneko ndi fumbi la makilachi amene anali atatha. Oyilo wokhuthala ndi fumbi limenelo amathandizira makilachi otha kugwirako pang'ono, ndiye mukamuchotsa chilonda chimaonekera. Giyabokisiyo inali ikupita kale. Lamulo loti oyilo asakhudzidwe ndi limene limafikitsa magiyabokisi pamene inafika yanuyo.

Pa za makina opopera ndili mbali yanu. Pa galimoto ya zaka zochuluka chonchi, yosadziwika mbiri yake, ine ndimakonda kukhetsa ndi kuthira basi. Mukamasula bauti ya pansi sikuti atuluka yense, wambiri amatsalira mu torque converter (chigubu cha oyilo cholumikiza injini ndi giyabokisi) ndi m'mapaipi, nthawi zambiri amatuluka wosafika theka. Zimenezo n'zabwino, chifukwa watsopano amalowa pang'onopang'ono. Yezani amene watuluka, thirani wofanana naye, yendani kwa kanthawi, bwerezaninso. Ndipo thirani wa mtundu umene walembedwa. D-II ndi Dexron II, ndipo Dexron III amalowa m'malo mwake. Koma kumene kwalembedwa T-IV kapena WS musathire Dexron wamba, ndipo wa CVT (otomatiki yopanda magiya owerengeka) asayandikire n'komwe. Oyilo wolakwika payekha amatha kusintha mmene giya imagwirira.

Komabe a Kamdothi, oyilo wanuyo sindikumukayikira kwambiri. Diso langa lili pa throttle body ija.

Wokayika:
Throttle body ili pa injini. Ikukhudzana bwanji ndi giyabokisi? Apa ndiye mukungolota achimwene.

Sipanala17:
Ikukhudzana kwambiri. Giyabokisi iyenera kudziwa kuti mwaponda moto wochuluka bwanji, kuti isankhe nthawi yosinthira ndiponso mphamvu yokanikizira makilachi. Uthenga umenewo umachokera pa throttle body. A Kamdothi, tsegulani boneti muwerenge makebulo amene ali pamenepo. Imodzi imachokera ku phazi lanu. Mukaona ina yotsika kupita ku giyabokisi, ndiyo imene anthu amati kickdown. Kebulo imeneyo ikakokedwa, mphamvu ya oyilo mkati imakwera. Ikamangidwa yothina kwambiri, giyabokisi imaganiza kuti mwaponda kwambiri pamene mwangogusa, ndiye giya iliyonse imalowa momenya. Ikakhala yolobodoka ndiye zoipa kuposa pamenepo, chifukwa mphamvu imachepa, makilachi n'kumaterera mpaka kupsa, mwini wake akusangalala kuti ikusintha mofewa.

Munthu wotsuka throttle body amamasula makebulo amenewa, ndipo ambiri pobwezera amangomanga pamene dzanja lafikira.

Kalulu_wa_Waya:
Ndiwonjezerepo, chifukwa kebulo yokha siingafotokoze zonse. A Kamdothi ali ndi kabatani ka PWR, kusonyeza kuti giyabokisi yawo imalamulidwa ndi kompyuta. Pa magiyabokisi akale opanda kompyuta, kebulo imalimbana ndi governor (kachipangizo kotsatira liwiro la galimoto), ndiye imasintha zonse ziwiri, nthawi yosinthira ndi kulimba kwake. Koma pa a kompyuta, monga A340E ya Toyota, kebulo imangoyang'anira mphamvu ya oyilo. Nthawi yosinthira imasankhidwa ndi kompyuta poona zinthu ziwiri: liwiro la galimoto ndi TPS, kasensa kakuda kamene kamamangidwa m'mbali mwa throttle body. Ndiye kumenyako kungakhale kebulo, koma kuchedwako ine ndikuloza TPS.

Pa galimoto za zaka zimenezo TPS ili ndi mabowo aatali a zomangira, imatha kupotolozedwa. Akaichotsa potsuka n'kuibwezera mopotoka, kompyuta imawerenga kuti phazi lili pansi kuposa mmene lilili. Ena saichotsa koma amaithira mankhwala otsukira mpaka kulowa mkati. Yezani ndi multimeter, kiyi ali pa ON injini yosalira. Phazi lisanaponde iwerenge pafupifupi 0.5V, ndipo mukamatsegula pang'onopang'ono ikwere mosadumpha mpaka cha m'ma 4V. Ikadumpha kapena kugwa pakati, yadyeka. Mulinso kaswichi ka IDL kouza kompyuta kuti phazi lachoka pa moto. Kakapanda kutseka, kompyuta siidziwa kuti galimoto yangoima, ndipo zimenezo zimatha kuwonjezera kugunda kuja poika pa D.

Sipanala17:
Apo mwandikonza bwino a Kalulu. Ziwiri zonsezo ziyang'anidwe.

Wokayika:
Chabwino, koma TPS ikanakhala yolakwika si bwenzi kagetsi katayaka?

Kalulu_wa_Waya:
Osati nthawi zonse. Kompyuta za nthawi imeneyo zimaona waya woduka kapena wogundana. Sensa ikamanama koma nambala yake ili m'malire ovomerezeka, kompyuta imakhulupirira.

Ngakhale zili choncho makodi awerengedwe, n'zaulere. Ngati ndi Toyota ya zaka zimenezo, simufunika makina. Pali kabokosi kolembedwa DIAGNOSIS. Lumikizani mabowo ake a TE1 ndi E1 ndi kawaya, kiyi pa ON, batani la O/D likhale loyatsa, muwerenge kuphethira kwa kagetsi ka O/D OFF. Kakamaphethira mofanana osapumira, palibe kodi. 42 ndi 61 ndi masensa a liwiro, 62 ndi 63 ndi ma solenoid (mavavu a magetsi) osinthira magiya, 64 ndi solenoid ya lock-up (yomanga torque converter kuti isaterere). Amene muli ndi galimoto za OBD2 (zowerengedwa makodi ndi makina), zofanana nazo ndi monga P0720 ya sensa ya liwiro lotuluka, P0750 ndi P0755 za ma solenoid. P0700 payokha imangonena kuti kompyuta ya giyabokisi ili ndi dandaulo, muyenera kulowa mkati mwake kuti muone lenilenilo.

Nyanga:
Zonsezi n'chifukwa chake ine otomatiki ayi. Manyuwo ikavuta umasintha kilachi, nkhani yatha. Batire ikafa umakankha. Inu ndi ma solenoid anuwo mudzagona panjira.

MayiWaAwiri:
Mukakhale pa mzere wa magalimoto ola lathunthu phazi lili pa kilachi, mudzabwere mudzanenenso zimenezo.

Nyanga:
Mwendo umalimba mayi, ndi masewera olimbitsa thupi aulere.

Chiphaliwali:
Poti mwatchula zokankha, ndifunseko. Ine potsetsereka ndimaika pa N kuti ndisunge mafuta, pansi ndikafika n'kubwezera pa D. Mnzanga akuti ndikupha giyabokisi. Zoona?

Gogo_Dizilo:
Siyani zimenezo mwanawe. Choyamba mukutaya thandizo la injini pogwira galimoto, katundu yense akugwera mabuleki, ndipo pa mtsetse wautali amatentha n'kuleka kugwira. Chachiwiri mafuta amene mukuti mukusungawo palibe: galimoto za injekishoni zimadula mafuta zokha mukachotsa phazi giya ili mkati, pamene pa N injini iyenera kumwa kuti isazime. Ndiye kubwezera pa D galimoto ikuthamanga ndi kumenyetsa makilachi popanda chifukwa. Ndipo a Nyanga akumbutsa chinthu: pampu ya otomatiki imazunguzidwa ndi injini. N'chifukwa chake siilira pokankha, n'chifukwa chakenso simuikoka mtunda wautali matayala oyendetsa ali pansi injini itazima. Mkati mumazungulira mopanda oyilo. Ya matayala akumbuyo mumamasula propshaft (chitsulo chachitali chopititsa mphamvu ku matayala akumbuyo) kapena kuinyamula yonse.

Sipanala17:
Tibwerere kwa a Kamdothi asanatitaye. Kugunda kuja poika pa D ndikufuna tikusiyanitse ndi kumenya kwa 1 kupita 2, chifukwa mwina ndi matenda awiri. Onani kaye kuti injini ikulira pa liwiro lanji galimoto itaima yotentha. Ikatsukidwa throttle body nthawi zina imatsala ikulira pamwamba, ndipo injini yolira pamwamba pa 1,000 rpm imagunditsa giya iliyonse imene mungalowetse. Kenako mupeze munthu akhale pa chiwongolero, handibuleki yokoka, phazi lolimba pa buleki, boneti yotsegula, inu muime pambali, osati kutsogolo. Asinthe D, N, R. Injini ikamadumpha kwambiri, mounting (mphira wogwira injini) yaduka. Mukatero zimitsani, tsekerani matayala, lowani pansi mugwire propshaft muipotoze uku ndi uku. Ikamachita khwekhwe pa mtanda (joini ya propshaft), ndiye gu! wanu ameneyo. Fumbi lofiira ngati dzimbiri pozungulira makapu a mtandawo ndi chizindikiro choti mwauma.

Mlonda_Usiku:
Nanga zonsezi zikapezeka zili bwino? Si mkati momwemo?

Kalulu_wa_Waya:
Pali njira yodziwira osatsitsa giyabokisi. Pa A340E mukazula pulagi ya ma solenoid, kompyuta imachoka pa nkhaniyo, magiya amatsatira ndodo yokha: L ndi giya 1, pa 2 imakupatsani giya 3, pa D imakupatsani 4. Mukayesa pa msewu wopanda anthu n'kupeza kuti magiya amenewa akugwira bwino osaterera, zitsulo ndi makilachi ake zili moyo, vuto lili ku magetsi. Ma solenoid akewo amawerenga pakati pa 11 ndi 15 ohms. Mukamaliza mubwezere pulagi ndi kufufuta makodi amene abwere chifukwa cha kuyesako.

Sipanala17:
Ndipo ngakhale litakhala mkati, mkati muli magawo. Mukatsitsa sampu (chibeseni cha oyilo pansi pa giyabokisi) mumapeza sefa, ma solenoid ndi valve body (bokosi la tinjira ndi mavavu a oyilo), zonsezo zimakonzeka giyabokisi ili pa galimoto. Pamwamba pa valve body pali ma accumulator, timapisitoni tokhala ndi masipuling'i, ntchito yake kulandira oyilo kuti kilachi isagwire kamodzin'kamodzi. Sipuling'i ikathyoka kapena pisitoni ikakakamira, giya imodzi yokhayo imamenya nthawi zonse, zinazo zili bwino. Kutsitsa giyabokisi yonse kumabwera pamene ikuterera, kapena mu sampu mwapezeka zidutswa.

Tsabola:
Mwalemba mabuku apa. Mwini wake ali kuti?

Kamdothi:
Ndilipo a Tsabola, ndinali pansi pa galimoto. Nazi zimene zapezeka. Makodi palibe, kagetsi kamangophethira mofanana. Kebulo yopita ku giyabokisi inali yokokeka ngakhale phazi lisanaponde, kachitsulo kofinyidwa pa waya wake kanali katatuluka patali ndi mphira. Ndinapita kwa munthu wina wa zamagetsi a galimoto, anayeza TPS n'kupeza ikuwerenga kupitirira 1V throttle ili yotseka, ndipo IDL siinkatseka. Pa zomangira pake pakuoneka pamene inkakhala kale, panatsala kachizindikiro koyera, ndipo inali itasunthidwa. Waibwezera poyeza, wakonzanso kebulo. Tsopano 1 kupita 2 ikusintha msanga, mutu sukugwederanso. Kugunda poika pa D kwachepa koma kulipobe. Propshaft ndaigwira, mtanda wakumbuyo ukusewera, ndipo fumbi lofiira lija lilipo.

Wokayika:
Ndiye munthu wotsuka uja ndi yemwe uja ananena kuti mugule giyabokisi ina?

Kamdothi:
Yemweyo.

MayiWaAwiri:
Mukanagula ina n'kuimanga ndi TPS yopotoka yomweyo, bwenzi nayonso ikumenya, iye n'kunena kuti mwagula yowola.

Gogo_Dizilo:
Mtandawo musauchedwetse, ukathyoka pa liwiro propshaft imakwapula pansi pa galimoto. Musanamasule lembani chizindikiro pa mafulanji kuti ibwerere mmene inalili, apo ayi mudzayamba kumva kunjenjemera kumene kunalibe.

Kamdothi:
Ndamva agogo. Chatsala n'chakuti 2 kupita 3 ikadali ndi kakugunda pang'ono, makamaka ndikaponda mopepuka. Si monga kale, koma ndikukamva. Ndiyambe kuganiza za ma accumulator aja?

Sipanala17:
Osati lero. Sinthani mtanda kaye, chifukwa kusewera kwa propshaft kumakuza kugunda kulikonse kochokera kutsogolo. Kenako oyilo wabulawuni uja achoke. Ulendo woyamba tsitsani sampu yonse m'malo mongomasula bauti, muone maginito amene ali pansi pake. Phala lotuwa losalala pa maginito ndi la masiku onse, pukutani. Tizitsulo tonyezimira tomveka m'zala kapena zidutswa zakuda zambiri, jambulani mutionetse musanatseke. Kakugundako kakatsalabe pambuyo pa zonsezi, ndi pamene tikambe za valve body.

Kamdothi:
Sefa ndaipeza. Koma wogulitsa akuti gasiketi ya sampu palibe, ndingomata. Akunena zoona kapena akufuna kundigulitsa chimene ali nacho?

Sipanala17:
Akhoza kukhala akunena zoona, masampu ambiri a magiyabokisi amenewo anachokera ku fakitale omata, opanda gasiketi. Mukamasula muona nokha chimene chilipo. Ngati ndi chomata, gulani cholembedwa kuti chimapirira ATF (oyilo wa otomatiki), palani chakale chonse mbali zonse ziwiri, pukutani pasakhale oyilo, ndipo ikani kamzere kopyapyala kodutsa mkati mwa mabowo a mabauti. Mukachulutsa chimafinyikira mkati n'kukatseka sefa. Pochotsa sampu musaikanule ndi sikuludiraiva mpaka kupinda mlomo wake. Mabauti ake ndi ang'ono, amafuna pafupifupi 7 Nm basi, mangani modumphadumpha, ndipo mudikire chomatacho chiume monga alembera pa chubu musanathire oyilo.